Mapaipi Awiri a Bowo Lachiwiri

1. Chipupa

Chipupa chinagwa Lamlungu, pa 2 Malichi, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Chinali cha miyala ndi simenti, mamita atatu ndi theka kupita m'mwamba. Ntchito yake inali kugwira dothi la bwalo la mpira la sukulu ya pulaimale kuti lisatsetserekere pa nyumba zisanu ndi imodzi za m'munsi mwake.

Chigawo chapakati chinagwera makhitchini awiri ndi bafa. Palibe anavulala. Madzulo a tsiku lomwelo khonsolo inalamula kuti mabanja onse asanu ndi limodzi asamukire mu holo ya sukuluyo mpaka akatswiri atanena chomwe chinagwetsa chipupa.

Funso linali limodzi: dothi lafooka pati? Maziko a chipupa anathera pa mamita 4 kuchokera pamwamba pa bwalo. Dothi lofooka likapezeka pamwamba pa mamita 4, ndiye kuti vuto ndi la kuseri kwa chipupa kokha. Akanamanga china ndipo anthu akanabwerera m'nyumba zawo mwezi usanathe. Koma likapezeka pansi pa maziko, ndiye kuti mtunda wonse ukuyenda, ndipo m'nyumbazo simungagonenso munthu.

Kampani yomwe inapatsidwa ntchitoyi inalonjeza kupereka lipoti Lachisanu, pa 21 Malichi. M'gulu lake munali mtsikana wa zaka 19, wa chaka chachiwiri ku koleji ya ntchito zamanja, yemwe anabwera kudzaphunzira ntchito. Poti ankayenda ndi buku ndi cholembera, anzake anamutcha Kalaliki.

Kalaliki anali ndi buku lina la ku koleji, la masamba khumi ndi awiri, tsamba limodzi pa sabata. Lachisanu lililonse injiniya wa kampaniyo, yemwe onse ankawatchula Madamu, ankasaina tsamba la sabatayo. Bukulo linkafunika ku koleji pa 7 Epulo. Lamulo linali loti buku losowa siginecha ngakhale imodzi sililandiridwa, ndipo mwini wake salemba mayeso a mu Juni, amadikira chaka chathunthu. Kalaliki anayamba ntchito pa 13 Januwale. Masamba asanu ndi atatu anali atasainidwa, ndipo sabata yapadera yobwerezera inalibepo.

2. Lamulo la a Dizilo

Makina oboolera pansi anafika pabwalo Lolemba, pa 10 Malichi. Anali a miyendo itatu yachitsulo, injini yaing'ono ndi chingwe cha waya. Chingwecho chinkakweza chitsulo cholemera n'kuchitaya, ndipo nthaka inkabooka pang'onopang'ono.

Woyendetsa makinawo anali bambo wa zaka 61, wotchedwa a Dizilo chifukwa cha fungo la ovolosi yawo. Wothandizana nawo anali mwamuna wa ana atatu, dzina lake la pantchito Wailesi, poti pakamwa pake sipankazima.

Madamu anayeza mng'alu womwe unali m'mphepete mwa bwalo n'kukhoma zikhomo zitatu. Pachikhomo chilichonse pankayenera kubooledwa bowo mpaka kufika pathanthwe.

Ntchito ya Kalaliki inali ya masampulo, kutanthauza dothi lotengedwa kuti likayezedwe ku labu. Theka la mita lililonse ankatapa dothi n'kuliika m'kathumba kapulasitiki. Koma pamalo omwe Madamu anasankha, a Dizilo ankakhomera pansi paipi yachitsulo kuti idule dothi losasokonezeka, monga momwe lakhalira pansipo. Kalaliki ankawerenga kuti chitsulo chamenya kangati, n'kulandira paipiyo ikatuluka.

Injini isanalire, a Dizilo anamuitana.

"Mwanawe, tamvera. Ine ndimaboola, uyu amanyamula, Madamu amawerengera. Koma tonsefe tatsamira pa dzanja lakolo. Dothi likatuluka pansi silinena kuti ndachokera pa mamita atatu kapena asanu. Wonena ndiwe. Ndiye paipi isanagunde pansi ulembe: nambala ya bowo, kuya kwake, tsiku, ndi muvi woloza kumwamba. Ukatero umate phula mbali zonse ziwiri kuti dothi lisaume. Paipi imodzi, ulembe, umate, kenako ina. Usadzagoneke mapaipi awiri osalemba pamalo amodzi, ngakhale utakhala ndi mutu wa kompyuta.

"Ndili mnyamata tinaboola malo omangapo thanki ya madzi. Kalaliki wathu anali wochenjera kuposa iwe, masamu ankachitira pamtima. Tsiku lina anasokoneza masampulo n'kungolemba zongoganiza. Thanki inamangidwa. Patatha zaka ziwiri inayamba kupendekeka, mpaka anaigwetsa, anthu n'kubwerera kukatunga kumtsinje. Palibe anamutulukira. Anandiuza yekha titakalamba, ndipo anati zaka zonsezo ankalambalala msewu umenewo."

Wailesi anati nkhani ya thankiyo waimva kakhumi ndi kamodzi, ndipo chaka chilichonse thanki imapendekeka moonjeza. A Dizilo anamuuza kuti akathire mafuta mu injini, mwina pakamwa pangapumeko.

Bowo loyamba linatha Lachiwiri masana. Lachitatu anamaliza bowo la kumapeto, la nambala 3. Mapaipi anayi anatuluka m'mabowo awiriwa, ndipo Kalaliki anawalemba n'kuwamata limodzi ndi limodzi monga anauzidwira.

3. Lachinayi, pa 13 Malichi

Bowo lachiwiri linali lapakati, moyang'anizana ndi pomwe chipupa chinagwa. Analisiyira kumapeto chifukwa pamalopo panali matope, ndipo anayamba ayalapo matabwa. Madamu anasiya mawu kuti mapaipi awiri atengedwe m'bowoli, imodzi pa mamita 3, ina pa mamita 4 ndi theka. Atatero anapita ku msonkhano.

Tsikulo aliyense ankayang'ana wotchi. Lole yodzatenga makina inali itapanganidwa 4 koloko, kuti iwapititse ku ntchito ya mlatho, mtunda wa makilomita 90.

Paipi yoyamba inatuluka 1:50 masana. Chitsulo chinamenya ka 22. Kalaliki anatenga cholembera chake chosafufutika, koma chinali chitauma. China chinali m'galimoto ya kampani, yomwe inaima kuseri kwa mpanda wa sukulu. A Dizilo anali atatsitsa kale chingwe, ndipo timatumba tinkadikira. Kalaliki anatola choko chomwe ana a sukulu anataya, nalemba 3 ndi muvi pa chitsulo cha paipiyo.

Atagwedeza botolo la gasi la chitofu chosungunulira phula, anamva kuti latsala pang'ono kutha. Anaganiza zosungunula phula kamodzi kokha, mapaipi onse awiri akatuluka. Anatseka paipiyo ndi zivundikiro zake n'kuigoneka pa lona.

Yachiwiri inatuluka 2:35. Chitsulo chinamenya ka 19. Analembanso ndi choko, naigoneka pambali pa inzake. A Dizilo anali kalikiliki ndi chingwe chomwe chinkafuna kupiringizika, ndipo sanaone kanthu.

Kalaliki anayatsa chitofu, namata mapaipi onse awiri. Gasi anakwanira. Phula lisanaume bwino, mvula inayamba, yamadontho akuluakulu. Iye anathamangira kukapulumutsa buku ndi timatumba. Wailesi anakwapatira mapaipi awiri aja, ina kukhwapa uku ina uku, nathamanga nawo ku galimoto.

Mvula inakata patatha mphindi makumi awiri. Anapitiriza kuboola mpaka chitsulo chinagunda thanthwe pa mamita 7. Anakwirira bowo, namasula miyendo ya makina. Lole inanyamuka 4:20, a Dizilo ali kutsogolo ndi dalaivala. Wailesi anatsala kuti athandize kutsitsa masampulo, awatsatire mawa lake.

4. M'sitolo

Sitolo ya kampani, mosungira katundu, inali chipinda cha kuseri kwa ofesi, cha zenera limodzi, mashelefu achitsulo ndi sikelo pakona. Kalaliki ndi Wailesi anafikako 5 koloko itangokwana.

Kalaliki anatenga cholembera chatsopano ndi malebulo awiri. Atakweza paipi yoyamba anaitembenuza, naitembenuzanso. Pomwe panali choko panangotsala kambuu. Inzake inalinso chimodzimodzi. Nambala zinapita ndi mvula ndi jekete ya Wailesi, mivi yomwe.

Anawagoneka patebulo. Kutalika kunali kumodzi, zivundikiro zofanana. Anawaika pasikelo, koma kusiyana kwake sikunanene kanthu. Dothi la m'bowolo kuyambira pa mamita 2 mpaka 5 linali dongo lofiira lofanana m'maso. Kusiyana kwake kukanaoneka ku labu kokha.

Anafunsa Wailesi ngati akukumbukira paipi yomwe inali kudzanja lamanja pa lona. Wailesi anati pa nthawiyo ankangokumbukira kuti foni yake ili m'thumba losatseka.

Kalaliki anati akauza Madamu m'mawa. Wailesi anatseka chitseko.

"Achemwali, khalani pansi kaye. Makina pano ali pakati pa msewu. Mawa m'mawa madala aja akhala ataimika miyendo kumlatho. Inu mukufuna muwauze kuti amasule abwerere kuno chifukwa cha choko? Nanga Madamu mukuwadziwa? Chaka chatha kunali mnyamata wa ku koleji kwanu komweko. Anangotaya kathumba kamodzi, buku lake linabwerera loyera. Inuyo mwatsala ndi masamba anayi."

Kalaliki anati akhoza kulemba molakwika.

"Mukhozanso kulondola. Mapaipi ndi awiri okha, si makumi awiri. Dothi ndi dothi, lonse lachokera m'bowo limodzi. Tasankhani, tizipita, minibasi zitithera."

Kalaliki anayang'ana mapaipi aja kwa kanthawi. Kenako analemba 3.0 pa lebulo imodzi, 4.5 pa inayo, tsiku, nambala ya bowo ndi mivi. Anamata. Wailesi anati malebulowo ayera kwambiri poyerekeza ndi a mapaipi ena anayi. Anapala matope ku jombo yake n'kupaka pang'ono pa iliyonse ndi chala chachikulu. Kalaliki sanamuletse.

Anakhoma sitolo 5:40.

5. Kunyumba

Kwawo kwa Kalaliki kunali nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Amayi ake anali telala, ndipo makina awo osokera ankakhala pazenera la pabalaza. Abambo ake ankayendetsa lole ya maulendo ataliatali, ndipo sabata imeneyo anali kunja. Mlongo wake wamng'ono, wa Sitandade 6, anali pamkeka akulimbana ndi masamu.

Mnyamatayo anamufunsa ngati lero apeza golide. Kalaliki anavula jombo pakhonde, nakasamba, nakhala pampando buku la koleji lili pamiyendo. Chakudya anangochigwiragwira.

Amayi ake anaimitsa makina, nafunsa ngati wayambana ndi munthu kuntchito. Iye anati wangotopa. Amayi aja anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kutopa ndi kwabwino, bola usatope ndi ulemu. Watsala pang'ono, mwanangu. Azakhali ako anasiya unamwino kutatsala miyezi iwiri chifukwa choyankhana ndi sisitala wamkulu. Anali olondola, koma kulondola kwawoko kunawapatsa chiyani? Lero akugulitsa kaunjika. Iwe Madamu akalankhula, uziti inde. Akakalipa, uziyang'ana pansi. Usawabweretsere nkhani zowapweteketsa mutu, anthu aakulu sakonda mwana wobwera ndi mavuto. Gwira ntchito yako mwakachetechete, siginecha zikwane, ulembe mayeso. Abambo ako akaimba foni funso lawo ndi lomwelo, kuti masamba atsala angati. Ine anthu a mumzere muno ndinawauza kale kuti m'nyumba muno mutuluka injiniya. Usandichititse manyazi."

Kalaliki anati wamva. Anatsegula tsamba lachisanu ndi chinayi n'kulemba ntchito za sabatayo: mabowo atatu, timatumba 41, mapaipi 6. Mzere wa m'munsi, wofunsa ngati panali vuto lililonse, anausiya wosalemba.

6. Fomu

Lachisanu, pa 14 Malichi, Kalaliki anafika ku ofesi 7:30. Dalaivala wopita ku labu anali atanena kuti anyamuka 9 koloko. Wailesi anali akulongedza masampulo m'mabokosi, akuimba mluzu.

Ofesi ya Madamu inali ndi tebulo lalikulu lodzaza mapulani, ndi kalendala yapakhoma yolembedwalembedwa ndi inki yofiira. Madamu anali pafoni. Anamukodola Kalaliki kuti akhale, namukankhira fomu yoperekeza masampulo.

Fomuyo inali ndi mndandanda wa masampulo onse. Pansi pake panali chiganizo chimodzi: wosaina akutsimikiza kuti sampulo iliyonse inalembedwa pamalo ndi pa nthawi yomwe inatengedwa. Kalaliki anali atasainapo mafomu otere asanu ndi awiri chiyambire Januwale.

Madamu ankalankhula ndi mkulu wa zomangamanga wa ku khonsolo. Anamuuza kuti mabowo a m'mbali athandiza, koma yankho lenileni lili m'mapaipi awiri a bowo lapakati. Ya pa mamita 3 ikapezeka yofooka, inzake yolimba, alemba kuti anthu akhoza kubwerera. Zikatembenuka, alemba kuti nyumbazo zigwetsedwe. Anatinso akudziwa kuti mu holo muli khanda la masabata atatu ndi agogo oyenda ndi ndodo, n'chifukwa chake sachedwetsa lipoti ngakhale ndi tsiku limodzi.

Atadula foni anapeza fomu ili pomwe anaisiya, cholembera chili pambali.

"Madamu, fomu iyi sindisaina."

Madamu anafunsa chifukwa.

"Mapaipi awiri a bowo lachiwiri, malebulo ake ndinalemba dzulo madzulo m'sitolo. Sindikudziwa kuti ya mamita 3 ndi iti. Ndinangoganiza."

Madamu sanakweze mawu. Anatumiza uthenga kwa dalaivala kuti adikire, naitanitsa mapaipi awiriwo. Wailesi anabwera nawo, mluzu utatha. Kenako Madamu anatenga pepala n'kuyamba kufunsa mwa ndondomeko: paipi yoyamba inatuluka nthawi yanji, inakhala mphindi zingati isanamatidwe phula, choko chinachokera kuti, mvula inayamba liti. Kalaliki anayankha zonse, akuwerenga nthawi m'buku lake, ndipo Madamu ankalemba.

Atamaliza anakweza paipi imodzi, nayang'anitsitsa lebulo.

"Ngati unalembera m'sitolo, matope awa achokera kuti?"

Kalaliki anati malebulo ndi ntchito yake, ndipo chilichonse chomwe chili pamenepo anachilola ndi iye. Madamu anati sanafunse za wolola, afunsa za chala. Wailesi anatsokomola.

"Chala ndi changa, Madamu."

Madamu anauza Wailesi kuti akadikire panja, kalata yake yochenjeza ailandira asananyamuke.

7. Tsamba lachisanu ndi chinayi

Madamu anaimbira a Dizilo. Mawu awo ankamveka ngakhale foni inali kukhutu. Anati miyendo aimika kale, bowo lafika mita imodzi, ndipo chiyambire ntchito sanamasulepo makina kawiri sabata imodzi. Kenako anafunsa kuti zadziwika bwanji. Atamva kuti mtsikanayo wanena yekha, ananena kuti lole ibwere Loweruka masana, Lolemba 7 koloko injini ikhala ikulira pabwalo.

Madamu anaimbiranso mwini ntchito ya mlatho, kenako mkulu wa ku khonsolo uja. Kwa onse awiri anapepesa, nanena kuti kampani yalakwitsa pa masampulo. Dzina la munthu sanatchule. Anaimirira, nafufuta 21 pa kalendala, nazunguliza 28.

Atakhala pansi anatenga cholembera chofiira n'kulemba pa mapaipi onse awiri kuti osayeza.

"Tamvera bwino, chifukwa sindibwereza. Zolakwa zako ndi zitatu, ndipo sizilemera mofanana. Unalemba ndi choko. Imeneyo ndi mphwayi, galimoto inali pamtunda wa mphindi zitatu. Unagoneka mapaipi awiri pamodzi utauzidwa kuti usatero. Kumeneko ndi kusamva. Ziwirizi ndikanakukalipira, n'kusaina buku lako lero lomwe. Ukanandiimbira dzulo 5 koloko, lole ikanatembenuka panjira, bowo likanabooledwa lero, ndipo lipoti silikanasuntha. Chachitatu ndicho chatidyera sabata. Unalemba nambala yomwe sukuidziwa, n'kulola kuti ipakidwe matope kuti ine ndiikhulupirire.

"Ine pansi sindionapo. Ndimaona zomwe iwe walemba. Ukanatembenuza mapaipi awa, ndikanatha kubwezera mabanja asanu ndi limodzi pansi pa mtunda woyenda, siginecha yanga ili pamenepo. Kapena ndikanagwetsetsa nyumba zabwinobwino za anthu. Labu ikanayeza molondola, ine ndikanawerengera molondola, ndipo zonse zikanakhala bodza. Ndikhoza kuyerekeza dothi ili ndi la m'timatumba n'kuganiza kuti iyi ndi iyi. Koma ndikatero ndachita zomwe unachita iwe dzulo, kungoti ine ndili ndi digiri."

Kalaliki anafunsa ngati Lolemba abwere.

Madamu anatambasula dzanja, ndipo Kalaliki anawapatsa buku la koleji. Anatsegula tsamba lachisanu ndi chinayi, nawerenga, naloza mzere wosalembedwa uja. Anamuuza kuti alembe pomwepo zomwe zinachitika, ndi nthawi zake. Kalaliki analemba mizere isanu ndi umodzi, mpaka mawu anasefukira m'mphepete mwa tsamba. Madamu anawerenga n'kutseka buku.

"Lero sindisaina. Mnyamata wa chaka chatha uja sanachotsedwe chifukwa cha kathumba. Anakana mpaka tsiku lomaliza kuti sanakataye. Iwe wanena galimoto isananyamuke, n'chifukwa chake ukadali pampandopo. Koma kunena sikubweza sabata ya anthu aja.

"Lolemba tiboola bowo lina, mita imodzi kuchokera pa lakale. Masampulo onse ndi ako, ndipo a Dizilo aziona lebulo iliyonse isanamatidwe. Lachisanu likudzali ubwere ndi bukuli, ndidzaone ngati masamba awiri ndingawasaine. Zisanafike zimenezo, pali ntchito ya lero. Mabanja aja anauzidwa kuti yankho ndi pa 21. Wapampando wawo ndamuuza kuti 10 koloko kubwera munthu wa kampani. Munthuyo ndiwe. Ukawauze tsiku latsopano ndi chifukwa chake. Usakanamizire mvula, usakanamizire makina."

Dalaivala ananyamuka 9:15 ndi mapaipi anayi ndi timatumba 41. Anamutsitsa Kalaliki pachipata cha sukulu 9:50.

Mu holo, mabanja anagawana malo ndi zingwe zopachikapo nsalu ndi mabulangete. Madesiki anaunjikidwa kukhoma, pamwamba pake pali mapoto, masutikesi ndi wailesi yakanema yosalumikiza. Anthu anali atakhala kale pa mabenchi atatu kutsogolo. Mayi wa khanda anali kumapeto, pafupi ndi khomo.

Wapampando anali mphunzitsi wopuma ntchito, wa jekete yotuwa ndi kope m'manja. Anamulandira ndi manja awiri, nauza anthu kuti akhale chete. Anati poti kampani yatumiza munthu sabata yathunthu tsiku lisanakwane, ndiye kuti zinthu zayenda msanga. Amayi ena awiri anaomba m'manja.

"Takulandirani, a Kalaliki. Malo ndi anu. Tiyambe kumanga katundu liti?"

Kalaliki anavula chipewa chake cha pantchito, nachiika padesiki. Anapempha kuti omwe ali kuseri kwa nsalu nawonso asendere pafupi, chifukwa zomwe wabwera nazo akufuna aliyense azimve kuchokera pakamwa pake.